Za chiliza cha Bambo

Achimwene aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Tsiku ndi lomwe lija, Loweruka lomaliza la mwezi uno, kumudzi ku Mitundu. Omanga akuti pakufunika matumba ena awiri a simenti. Amene simunatumize K25,000 ija, Airtel Money kapena Mpamba, zonse zikulowa.

Malume: Zikomo mphwanga. Nanga mapemphero? Chiliza sichivundukulidwa ngati nkhokwe ayi. Ndikalankhule ndi akuluampingo kwanu kuja?

Achemwali a ku Area 25: Malume, pepani, amenewo ayi. Mwaiwala? Maliro ali m'nyumba, iwo anafika ndi kaundula m'manja, amvekere Bambo sanapereke chakhumi miyezi isanu ndi umodzi, kwaya siyimba. Munthu amene miyezi yonseyo anali gone pamphasa, phala tikuchita kumumwetsa ndi supuni.

Malume: Ndikukumbuka mwana wanga. Komatu madzi akatayika saoleka.

Achemwali a ku Area 25: Sindikuwola madzi ine malume. Ndikungokana kuti adzaime pamanda omwewo atavala majekete, ngati palibe chinachitika.

Mlamu: Ine ndine wobwera, ndingomvera. Nkhuni ndi mbuzi zili kwa ine.

Chitsiriza: Amayi ndili nawo pano ku Kawale, ndawawerengera zonse. Akuti ndilembe momwe akunenera, ndisachotse kanthu.

Chitsiriza: "Ana inu, usiku uja ndinati Mulungu wanditembenukira msana. Ndinakhala pakona nditafunda chitenje kumutu, manyazi kuposa chisoni. Cha m'ma 10 ndinangomva nyimbo pakhonde. Anali azimayi anzanga ogulitsa tomato ku msika wa Lizulu, aliyense wa mpingo wake, wina sapemphera n'komwe. Anachezera mpaka tambala. Mmodzi anandipanira kapu ya tiyi m'manja, sanandifunse za khadi la kumpingo."

Chitsiriza: Akupitiriza. "Tsiku limenelo mudzandiwerengere Genesis 16. Hagara sanazunzidwe ndi achikunja, anathawa m'nyumba ya Abramu momwemo, Sarai atamusautsa, ali ndi pakati. Mngelo anakamupeza ku kasupe m'chipululu, panjira ya ku Suri, namuitana ndi dzina lake. Kapolo uja ndi amene anatcha Mulungu dzina loti wondiona. Ine kasupe wanga anali khonde lija."

Azakhali: Iii mlamu wanga, zaka ziwiri zonsezi osatiuza? Misozi ndili m'minibasi, kondakitala akungondiyang'ana.

Malume: Achemwali anga ku Kawaleko, ndamva. Ndabweza mawu anga. Koma mwambo uyendetsa ndani?

Chitsiriza: Akuti inuyo malume mutsegule ndi pemphero, achemwali awerenge ndimeyo, a ku msika aja ayimbe. Wa mpingo uja akabwera payekha ngati munthu, nsima adya, sitithamangitsa mlendo. Koma mawu sapatsidwa.

Achemwali a ku Area 25: Ndiwerenga. Baibulo ndinalitsekera m'sutikesi chichitikireni zija, ndikalifufuza madzulo ano. Mwina mphemvu zalowamo.

Achimwene aakulu: Ndiye kuti galimoto imodzi sitikwana. Azimayiwo alipo angati?

Chitsiriza: Asanu ndi atatu. Akuti Loweruka ndi tsiku la malonda, ndiye tiwatenge 6 koloko m'mawa pa mlatho paja, asiye ana pa mabenchi.

Mlamu: Ndiwonjezera nkhuku ziwiri. Mbuzi imodzi pamenepa yachepa.