Matireningi a makoleji aku America aja, alipo anawayesapo kuno ku Zomba?

Kaliwo_wa_Matawale:
Mwaswera bwanji nonse. Ine ndimathamanga 10 km, nthawi yanga yabwino ndi mphindi 41 ndipo yangokanirira pomwepo chaka chonse osasuntha olo pang'ono. Ndiye tsiku lina ndikuseweretsa foni ndinaona zoti ku America makoleji otchuka pa mitunda italiitali ali ndi tireningi yawoyawo yomwe amadziwika nayo, ina mpaka inatenga dzina la sukulu. Ine ndinatengeka ndi ya ku Oregon amati 30-40 ija, mamita 200 pa masekondi 30 kenako 200 ena pa masekondi 40 osaima. Lachiwiri m'mamawa ndinakayesa pa galaundi ina kuno, raundi yoyamba ndinaikoka movutikira, yachiwiri miyendo inachita kulemera ngati andimangirira njerwa, ndinangogona chagada pa kapinga ana opita kusukulu akundiseka. Vuto ndine kapena zinthuzi si zathu?

Mdala_wa_Wotchi:
Kkkk mphwanga wapulumuka, ukanatha kung'amba mnofu. Tawerengera wekha, 30 kuphatikiza 40 ndi masekondi 70 pa raundi ya mamita 400, ndiye kuti kilomita imodzi 2:55. Iwe wa mphindi 41 kilomita umaithamanga cha m'ma 4:06. Waona pamene pagona nkhani? Ngakhale 40 yomwe iwo amati ndi yopumirapo ija kwa iwe ndi liwiro loposa la pa mpikisano.

Tireningi imeneyi imadziwika ndi kochi Bill Dellinger, yemwe naye anatenga mendulo ya bronze pa 5,000 m ku Tokyo mu 1964, ndipo amene ankaithamanga ndi anthu ngati Steve Prefontaine, iye anafika maraundi 18. Galen Rupp anadzafika 24. Nzeru yake si manambalawo ayi, koma kuphunzitsa thupi kupuma uku ukuthamangabe, chifukwa pa mpikisano mnzako akakutsomphola sungaime kuti upume kaye. Ndipo ili ndi lamulo, ukangophonya nthawi basi waweruka, palibe zokakamira. Iwe yamba ndi 45-55, raundi ikhala masekondi 100, pafupifupi liwiro lako la 10 km. Ukafika maraundi 10 osaphonya udzandiuze. Komanso galaundi yomwe ukupitayo unaiyeza? Magalaundi athu ambiriwa mizere amangolemba ndi laimu nthawi ya masewera a sukulu, ina 400 sikwana ina imapitirira.

NaChisale_10k:
Achimwene ine 30-40 sindiikonda, imafuna munthu wokugwirira wotchi azikukuwira nthawi, pawekha umasokonezeka. Yomwe ndimachita kamodzi pa mwezi ndi The Michigan ya kochi Ron Warhurst wa ku University of Michigan, yemwe ankaphunzitsa Nick Willis wa ku New Zealand uja anatenga siliva pa 1,500 m ku Beijing mu 2008. Umayamba ndi 1,600 m pa galaundi, kutuluka kukathamanga pafupifupi mailo imodzi mumsewu pa liwiro loti ukumva kuwawa koma ukupirira, kubwerera 1,200, mailo ina, 800, mailo ina, pomaliza 400 ndi mphamvu zonse zatsala. Zonse pamodzi ndi cha m'ma 9 km koma eeh mumachita kumva kukoma kwa magazi kukhosi.

Chimene chimapha anthu ndi 1,600 yoyambayo, umakhala uli ndi mphamvu ndiye umaiwotcha, pofika pa 800 wasanduka nkhuku yonyowa. Ine ulendo woyamba 400 yomaliza ndinaithamanga pang'onopang'ono kuposa maraundi a mu 1,600, manyazi ake. China, mbali ya mumsewuyo ipangeni isanakwane 6 koloko, kukangocha makabaza ndi maminibasi sakupatsani mpata, ine wanjinga wina wonyamula makala anatsala pang'ono kundilowetsa mu ngalande.

Phiri_Boy:
Inu mukuvutikiranji ndi masekondi pamene phiri lili pakhomo? Anyamata a ku koleji ya Colorado nthawi ya kochi Mark Wetmore ankadziwika ndi ulendo wautali wa Lamulungu pa Magnolia Road, msewu wafumbi wa zitunda pamwamba pa Boulder, mamita oposa 2,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Ife tili ndi msewu wa Ku Chawe, kuchoka mtauni kukwera mpaka ku damu la Mulunguzi, ukafuna kupitirira ku Emperor's View. Sabata iliyonse kawiri basi muona 41 yo ikugwa yokha.

Mdala_wa_Wotchi:
Phiri_Boy usamusocheretse mwana. Kukwera phiri kumalimbitsa miyendo zoona, koma za mpweya wochepa wa kumalo okwerazo phindu lake limabwera ukamagona komweko masabata angapo, magazi ndiye amasintha. Othamanga a ku koleji ya Northern Arizona amakhala ku Flagstaff komweko, cha m'ma 2,100 m, kudya ndi kugona. Ife timagona mtauni mamita osafika 1,000, kukwera maola awiri n'kutsika sikungasinthe magazi. Ndipo Magnolia ndi yokwera n'kutsika, pamene Ku Chawe ndi chikweza chokhachokha, pobwerera phula lotsetsereka lija limadya maondo. Kawiri pa sabata ayi. Kochi Bill Bowerman wa ku Oregon komweko ankalimbikira zoti tsiku lolemetsa lizitsatana ndi lopepuka, anyamata inu mumafuna tsiku lililonse likhale nkhondo.

NaChisale_10k:
Potsika ine ndimakwera njinga yamoto, nditagula kaye masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu aja kkkk. Maondo ndi anga.

Kaliwo_wa_Matawale:
Zikomo madala, zikomo achemwali. Ndapita kukayeza galaundi ija ndi tepi ya mzanga womanga nyumba, yapezeka ndi mamita 420 ndi kanthu, ndiye 30 yanga ija ndinkaifuna pa mtunda woposa 200. Lachiwiri ndiyamba 45-55. Alipo wa ku Matawale kapena Chinamwali angandigwirire wotchi 5:30 m'mawa? Mandasi ndigula ine.