Vanishi sakuuma ndi mvumbiwu: tidikire maola angati tisanapake kachiwiri?

Kalipentala wa ku Kapata: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapanga tebulo lodyerapo la mlombwa, ndipo ndinalipaka vanishi wamafuta dzulo madzulo, koma mpaka tsopano akumatabe ku chala, chonsecho pachitini analemba kuti munthu angapake kachiwiri pakapita maola 16. Mvumbi sunakate kuno ku Chipata, ndipo eni tebulo akulifuna Loweruka. Kodi ndingapake pamwamba pomwepo?

Mmisiri wa ku Katete: Mphwanga, musapake. Maola a pachitini amawerengedwa kukakhala kofunda madigiri pafupifupi 25 ndi chinyezi cha 50 peresenti, pamene m'dzinja chinyezi chimapitirira pamenepo kutali. Vanishi wamafuta amauma pawiri: poyamba chosungunulira chimauluka, kenako mafuta ake amalimba akakumana ndi mpweya. Mukamuphimba asanalimbe, wapansi amakhala wofewa kwa masabata, ndipo wapamwamba amachita makwinya. Tandiuzani, munasungunula ndi chiyani, ndipo tebulolo lili pati?

Kalipentala wa ku Kapata: Ndinathira parafini pang'ono, akulu, ndipo tebulo ndalitsekera m'chipinda poopa utuchi.

Mmisiri wa ku Katete: Vuto lagona pamenepo. Parafini amachedwa kuuluka kuposa tapentaini, ndipo m'chipinda chotseka mpweya suyenda. Sesani utuchi, tsekulani mawindo, ndipo ngati magetsi alipo yatsani fani, koma isaloze patebulo penipeni. Musalitulutse padzuwa likawala pang'ono, chifukwa mpweya wa m'thabwa umafufuma n'kusiya timatuza. Ine m'nyengo ino sindikhulupirira wotchi. Ndimatenga sandipepa wosalala wa nambala 320 n'kukwecha pobisika, monga kunsi kwa mphepete: pakatuluka fumbi loyera ngati ufa ndiye kuti pauma, koma sandipepa akagwira phula ndimadikira tsiku lina. Kawirikawiri maola a pachitini amawirikiza kawiri.

Wopopera mipando wa ku Petauke: Ndiwonjezereko za ife amene timapopera lacquer, mtundu wina wa vanishi. Iyeyu amauma msanga ngakhale m'dzinja, koma thinazi, chosungunulira chake, ikamauluka imaziziritsa thabwa, chinyezi n'kukhazikika pamwamba, ndipo mtundu umachita mbuu. Timathirako retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma, ndipo timapopera masana okhaokha. Achimwene a ku Kapata, musayese kupopera lacquer pa vanishiyo pofuna kufulumira, chifukwa amamudya n'kumutukula.

Mmisiri wa ku Katete: Anena zoona. Ngati pofika mawa madzulo akumatabe, mupaleni yense, mupukute ndi tapentaini, muyambirenso mopyapyala m'mawa cha m'ma 10 koloko, kuti apeze kutentha kwa masana usiku usanagwe.

Kalipentala wa ku Kapata: Zikomo kwambiri, akuluakulu. Mawindo ndatsekula kale, ndipo eni tebulo ndawauza kuti adzalitenge Lachitatu la sabata yamawa.