Ndakatulo ya aphunzitsi ikukana kulowa mu biti

Woimba wa ku Nchalo: Akuluakulu, thandizeni. Aphunzitsi ena opuma ntchito kwathu kuno analakatula ndakatulo pa ukwati, yonena za unyamata kutha: anyamata amene tinkasambira nawo mu Shire lero ali m'minda ya nzimbe, ena ku Joni. Ndikufuna ikhale nyimbo, koma mizere ndi yaitali, mpweya ukundithera pakati. Mzere womwe wandigwira mtima ndi uwu: "Mwadiya wa ubwana wapita ndi madzi."

Produsa wa ku Ngabu: Vuto lanu achimwene mukufuna kuimba ndakatulo yonse. Wolakatula amapuma pomwe wafuna, ng'oma sidikira munthu. Mzere wa mwadiyawo ndiye kolasi yatha kale. Uduleni pawiri, inu muziti "mwadiya wa ubwana", amayi azivomera "wapita ndi madzi", ngati momwe amachitira pa gule wa utse. Mavesi lembani anu, muzingotola za aphunzitsizo apa ndi apo: nzimbe, doko, imvi yoyamba.

Wa gitala ku Bangula: Komanso onani pomwe biti ikugwera. Polankhula timakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, maDZI ayi, MAdzi. Mukaponya kiki, kugunda kwa ng'oma yaikulu, pa silabulo yomaliza, agogo akumva ngati waimba mlendo.

Mayi wa kwaya ku Nsanje: Ine nkhawa yanga ndi ina. Mawu achisoni chonchi muwaike pa biti yovinira? Anthu azidumpha osamva kanthu. Ikani valimba pang'onopang'ono basi.

Produsa wa ku Ngabu: Apo ndiye nditsutse amayi. Nyimbo zotsanzikana ndi mkwatibwi n'zachisoni, koma timavina mpaka fumbi kobo. Munthu wa zaka 40 akamavina n'kumva kuti mwadiya wapita, m'pamene zimamulasa. Valimba ilowe, inde, koma liwiro lisatsike.

Mayi wa kwaya ku Nsanje: Chabwino, bola vesi yomaliza ng'oma zikhale chete.

Madala a ku Chikwawa boma: Ana inu mwathamangira biti, nanga eni mawu mwawapempha? Ndakatulo ili ndi mwini ngakhale sinasindikizidwe m'buku, ndipo lamulo la Copyright la 2016 limamuteteza. Pitani kwawo, mugwirizane magawo, mulembe pa pepala, musayinirane pali mboni. Polembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, mayina akhale awiri: wolemba mawu ndi wopeka mayimbidwe. Zapakamwa zimakoma nyimbo isanatchuke. Ikayamba kulira pa wailesi, adzukulu awo ndi amene adzakupezeni.

Woimba wa ku Nchalo: Nanga poti ndikungotenga mzere umodzi, madala?

Madala a ku Chikwawa boma: Mzere umodziwo si ndiye kolasi? Ndi umene anthu aziimba pa kabaza. Muwauzenso kuti mwaudula pawiri, alakatuli ena safuna mawu awo akhudzidwe.

Woimba wa ku Nchalo: Takhuta. Ndipita Loweruka ndi demo pa foni akamve okha.

Produsa wa ku Ngabu: Akavomera muwapemphe adzalakatule mizere iwiri ndi mawu awo koyambirira kwa nyimbo. Ndibwera ndi maikolofoni konko, asavutike ndi minibasi kutentha kuno.