Ndabweranso pa funso langa la ngongole za kampani ya magetsi

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndi nzeru kugula ma preferred share (masheya amene eni ake amalandira gawo la phindu eni masheya wamba asanalandire) a kampani ya magetsi imene ngongole zake zoyenera kubwezedwa pasanathe chaka zaposa ndalama zomwe ili nazo pafupi. Zikomo nonse amene munandiuza kuti ndisathamangire kuopa chiwerengero chokhacho.

Ndakhala usiku ungapo ndi malipoti a pachaka patebulo. Munanenadi zoona: makampani ambiri a magetsi amayenda choncho, chifukwa makasitomala amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo ngongole yakale amaibweza ndi yatsopano. Chofunika ndi kuona zimene zili m'kati mwa ngongolezo.

Chimene chanditsegula maso ndi nkhani ya kampani ya magetsi ya PG&E ya ku California. Mu Disembala 2017 inaimitsa dividendi (gawo la phindu lopita kwa eni masheya) ya ma preferred share chifukwa cha milandu ya moto wolusa wa m'tchire. Mu Januwale 2019 kampaniyo inapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa anthu oingongoza. Eni masheyawo anadikira mpaka 2022 kuti alandire zotsalira zawo, ndipo anazilandira chifukwa masheya awo anali a mtundu umene dividendi yosalipidwa imaunjikana.

Tsopano ndikayamba lipoti, ndimafufuza kaye ndalama zoikidwa padera za milandu, kenako ngongole ya kubanki yakanthawi. Masheya sindinagulebe.