Kodi mayi anga angatuluke bwanji m'kafukufuku wa zaumoyo?

Moni nonse abale ndi alongo m'gulu lino. Mayi anga, omwe ali ndi zaka 67, analowetsedwa m'kafukufuku wa matenda a kuthamanga kwa magazi pachipatala china m'chigawo chakummwera, ndipo anadinda chala pafomu ya Chingerezi popanda mboni yowawerengera. Tsopano akufuna kusiya chifukwa akutengedwa magazi mwezi uliwonse, koma akuopa kuti akatero sadzapatsidwanso mankhwala awo. Ndinalankhula ndi anamwino, omwe anangoti ndidikire mkulu wa kafukufukuyo, ndipo nambala yolembedwa pafomuyo siyankhidwa. Ndikudziwa kuti mfundo za Helsinki zotsogolera kafukufuku wa zaumoyo wochitidwa pa anthu padziko lonse lapansi, zomwe zinakhazikitsidwa mu 1964, zimalola munthu kutuluka nthawi iliyonse. Kodi dandaulo lotere ndikalipereke ku NHSRC (komiti ya boma yoyang'anira kafukufuku wa zaumoyo) kapena ku COMREC (komiti yoyang'anira kafukufuku ya sukulu ya ukachenjede ya zachipatala), nanga magazi otengedwa kalewo tingapemphe kuti awonongedwe?