Ndingawaonetse bwanji ophunzira mpata wa pakati pa mamolekyu a mpweya?

Aphunzitsi anzanga ndi onse odziwa sayansi pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa Physics pa sekondale yoyendera yopanda labotale, ndipo pa mutu wa mpweya ndimagwiritsa ntchito jakisoni wopanda singano, yemwe ndimamutseka kukamwa ndi chala n'kukankha mpaka mpweya utachoka pa 20 ml kufika pa 10 ml. Lamulo la Robert Boyle la mu 1662, loti mphamvu yopanikiza ikawirikiza kawiri malo amene mpweya watenga amatsala theka bola kutentha kusasinthe, ana amaliloweza bwino. Ndikawapempha kujambula zamkati, ambiri amajambula mamolekyu (tizidutswa ting'onoting'ono topanga mpweyawo) ofinyika, ndipo ochepa amene azindikira kuti chachepa ndi mpata wokha amati nawonso watsala theka. Zimandiwawa kuona ana akukhoza masamu ake osamvetsa chimene akuwerengera. Ndingawaonetse ndi chiyani?

Yankho loyamba: Aphunzitsi, mpata umachepa mbali zitatu nthawi imodzi, m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu. Konzani makatoni awiri, lina la masentimita 20 mbali zonse, lina la masentimita 10. Mbali iliyonse yatsala theka, koma mkati mwachoka pa 8,000 cm³ kufika pa 1,000 cm³. Choncho kuti mpata wa mamolekyu utsale theka, mpweya uyenera kupanikizidwa kasanu ndi katatu. Pa 10 ml yanuyo mpata wangochepa ndi pafupifupi 21 peresenti.

Yankho lachiwiri: Musaiwalenso kuchuluka kwa mpweyawo. Mukapitiriza kupopa tayala la njinga lokhwima kale, malo a mkati sasintha kwenikweni, koma mamolekyu akuchuluka, motero akuyandikana ndipo akugunda chubu pafupipafupi. Pa za kufinyikazo, dzazani jakisoni yemweyo ndi madzi, ana ayese kukankha. Jakisoniyo sadzasuntha, chifukwa m'madzi mamolekyu ndi ogundana kale, pomwe mumpweya umene timapumawu mpata wawo ndi waukulu pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi kukula kwa molekyu imodzi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, makatoniwo ndikonza. Nanga mfundo ya Amedeo Avogadro ya mu 1811, yoti malo ofanana a mipweya yosiyana amakhala ndi mamolekyu ochuluka mofanana ngati kutentha ndi mphamvu yopanikiza zili chimodzimodzi, ndiiphunzitse tsiku lomwelo kapena ndidikire ayambe amvetsa za mpatazi?