Bambo akufuna kusiya fodya n'kudzala chamba, ndiwauze chiyani?

Admin ndibisireni dzina. Abale ndithandizeni nzeru. Bambo anga ku Nkhotakota atopa ndi mitengo ya fodya ku okushoni. Ndiye m'mudzimo mwabwera munthu wina akulemba mayina, akuti aliyense asonkhe ndalama apange kalabu ya chamba poti boma linaloleza. Bambo agulitsa kale mbuzi. Ine zomwe ndikudziwa n'zakuti mu 2020 aphungu anavomereza lamulo lolola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kenako mu Malichi 2024 anavomerezanso zomwe anabweretsa phungu mnzawo a Peter Dimba zoti nacho chamba chathu chachikuda chizilimidwa. Nanga apolisi akugwirabe anthu pa rodibuloko bwanji? Sindikufuna mdala akakalambire kundende.

Mayi wa ku Area 25: Achimwene, imbani foni lero lomwe, ndalama ya mbuziyo asapereke. Chomwe chinalolezedwa ndi kulima uli ndi laisensi yochokera ku bungwe loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority (CRA). Wopanda pepalalo amazengedwabe mlandu pa lamulo la Dangerous Drugs Act, kaya ndi munda, kaya ndi thumba, kaya ndi ndudu imodzi. Zosinthazo sizinaloleze kusuta. Mwaiwala mnyamata uja wa ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 mu 2022 mpaka anthu anachita zionetsero?

Mlimi wa ku Kasungu: Funsani wolemba mayinayo akuonetseni laisensi, dzina la kopaletivi, komanso mgwirizano ndi wogula. Pachiyambi paja laisensi yolimira chamba cha mankhwala inali 10,000 dollars, cha m'mafakitale 2,000 dollars, n'chifukwa chake alimi ankalowa m'magulu. Koma vuto lenileni ndi msika. Fodya ngakhale akugwetse mtengo umadziwa kokamusiya, okushoni ya kampani ya AHL ilipo. Chamba ukakolola wogula osaoneka, sungapite nacho pamsika wa Dwangwa, ukangoyesa wamangidwa. Ife kuno tinasonkha, mpaka pano tikudikirabe.

Wina: Kkkk a Nkhotakota mukufunsa za chamba kwa ife? Si inu aphunzitsi ake?

Mwini funso: Zoseka apo ayi akulu, nkhani ndi ya bambo anga. Mayi a ku 25, zikomo. Koma ndikawauza choncho andiyankha kuti ana a m'tauni mumaopa chilichonse. Kodi alangizi a pa ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) angakhale ndi mndandanda wa magulu ovomerezeka, kapena ndichite kupita ndekha ku ofesi ya CRA ku Lilongwe?